HGB 9.4: Kuwerenga Kapepala ka ku Labu

Kapepalako n'kaja kopyapyala kotuluka m'makina, kamene inki yake imafufuta kakakhalitsa m'chikwama. Anakamata ndi stepula pa tsamba la buku la kuchipatala. Pamwamba pali dzina, zaka ndi tsiku. Mizere ilipo yambiri, koma ya maselo ofiira ndi iyi, ndipo ndaikopera momwe ilili:

HGB 9.4 g/dL, L, 12.0–16.0
RBC 4.5
HCT 30.6 %, L
MCV 68 fL, L, 80–100
MCH 20.9 pg, L, 27–32
RDW 17.8 %, H

Pansi pake, dzanja lofulumira linalemba ndi bolopeni mizere iwiri: MRDT neg, kenako FeSO4 200mg 3/12.

Mwini kapepalaka ndi mayi wina wa zaka za m'ma 30 amene amaphika ndi kuchapa pa nyumba ina ku Area 12 koma amagona ku Kauma. Mtunda umene ankauyenda osaumva unayamba kuwapumitsa panjira: phuma, mtima kugunda m'makutu, chizungulire akaweramuka pochapa. Abwana awo anawatumiza ku kiliniki ina ya pulayiveti, ndipo atabwerako anandipatsa bukulo. "Achimwene, akuti magazi ndi ochepa. Tandiwerengereni bwinobwino, achepa bwanji poti ine sindinavulale paliponse?" Anavomera kuti ndilembe za kapepalako, bola dzina lisatuluke.

Funso lawoli kapepalako kakuliyankha theka lokha, ndipo theka limenelo silili pa mzere umene aliyense amathamangira.

HGB ndi chidule cha hemoglobin, ena amalemba Hb. Pa mzere woyambawu maso amagwera pa nambala, koma tanthauzo lagona pa zilembo zotsatira, g/dL, magalamu pa desilita. Mutatunga mamililita 100 a magazi a mayiwa mupezamo magalamu 9.4 a chinthu china chake. Ndiye kuti mzerewu sukunena za kuchuluka kwa magazi m'thupi. Malita amene akuyenda m'mitsempha yawo angakhale okwanira, anayi kapena kuposerapo pang'ono. Chachepa ndi katundu amene ali m'magaziwo.

Katunduyo ndi puloteni. Molekyu imodzi ya hemoglobin ya munthu wamkulu ili ndi maunyolo anayi, awiri otchedwa alpha, awiri otchedwa beta. Unyolo wa alpha uli ndi ma amino acid 141, wa beta 146, onse pamodzi 574. Unyolo uliwonse wapindikapindika n'kusiya kathumba, ndipo m'kathumbamo muli kachinthu kafulati kozungulira kotchedwa heme, kopangidwa ndi maatomu 34 a kaboni, 32 a hayidirojeni, anayi a nayitirojeni ndi anayi a okosijeni. Pakatikati penipeni pali atomu imodzi ya ayironi. Ayironi ameneyu ndi chitsulo chenicheni, chomwecho chosulira makasu ndi nkhwangwa. Maatomu anayi a nayitirojeni amugwira m'mbali, unyolo wa puloteni wamugwira kumbuyo, ndipo kutsogolo kwatsala malo amodzi opanda kanthu. Pamalo amenewo ndi pamene okosijeni amakhala kuchokera m'mapapo mpaka kukafika mu mnofu wa mwendo umene ukuyenda ulendo wa ku Kauma.

Maatomu anayi okha a chitsulo, pakati pa maatomu oposa 9,000. Tikanena za kulemera, galamu imodzi ya hemoglobin ili ndi mamiligalamu pafupifupi 3.4 a ayironi. Tiyeni tiwerengetsere. Malita anayi a magazi pa 9.4 ali ndi magalamu 376 a hemoglobin, ndipo m'menemo muli ayironi wolemera magalamu 1.3. Mayiwa akanakhala pa 13 tikanapeza magalamu 520 a hemoglobin ndi magalamu 1.8 a ayironi. Kusiyana kwake ndi theka la galamu. Phuma lonse lija, kupumira pansi pa mtengo kuja, kuopa kuti abwana aona ngati ulesi, zonsezi zagona pa theka la galamu la chitsulo. Thupi lonse la munthu wamkulu limasunga magalamu atatu kapena anayi basi, osaposa msomali umodzi wokhomera malata, ndipo magawo awiri mwa atatu a ameneyo ali m'magazi.

Amene anasonyeza poyera kuti m'magazi muli chitsulo ndi Vincenzo Menghini wa ku Bologna, m'zaka za m'ma 1740. Anawotcha magazi n'kuyandikiza maginito pa phulusa lake, tinthu tina n'kukakamira. Hans Fischer wa ku Munich anapanga heme m'labu mu 1929. Max Perutz wa ku Cambridge anatha zaka zoposa 20 akuunika hemoglobin ya hatchi ndi X-ray asanaone maonekedwe ake mu 1959, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 1962. Anthu anakalambira pa zilembo zitatu zimene makina a kiliniki amalavula m'mphindi imodzi.

N'chifukwa chiyani thupi limavutika kumanga chimolekyu chachikulu chotere pofuna kusunga maatomu anayi? Yankho lake ndi dzimbiri. Chitsulo chikakumana ndi okosijeni pa chinyezi chimachita dzimbiri, ndipo m'magazi muli zonse ziwiri. Ayironi wa mu heme amanyamula okosijeni pokhapokha ali mu mkhalidwe umene akatswiri amaulemba Fe2+. Akasanduka Fe3+ magazi amada mwabulawuni ndipo sanyamulanso kanthu. Heme ikakhala payokha m'madzi imasanduka motero mwamsanga. Kathumba ka puloteni kaja n'kamene kamalola okosijeni kukhudza chitsulo osachiwononga, kuti agwidwe m'mapapo n'kukamasulidwa kutsogolo. Palinso china chimene Perutz anafotokoza mu 1970. Okosijeni akakhala pa ayironi woyamba, atomuyo imasuntha pang'ono zedi kulowa pakati pa heme, imakoka unyolo umene waigwira kumbuyo, ndipo kukokako kumafika ku maunyolo ena atatu, amene amayamba kulandira okosijeni mosavuta. Potula zimachitika mobwerera. Woyamba akachoka enawo amatsatira msanga, makamaka mu mnofu umene ukugwira ntchito, wotentha ndi wodzaza asidi. Galamu iliyonse ya hemoglobin imanyamula mamililita 1.34 a okosijeni. Pa 9.4 m'malo mwa 13, mayiwa akunyamula mpweya woperewera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa anayi pa kugunda kulikonse, ndiye mtima umakwaniritsa choperewacho pothamanga. Kugunda kwa m'makutu kuja n'kumeneko.

Koma malo opanda kanthu aja sasankha bwino wokhalapo. Mpweya wa carbon monoxide, wotuluka pa makala oyaka pamalo osapita mphepo, umagwira ayironi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200, ndipo ukagwira suchoka msanga. Aliyense wodziwa Area 12, Area 10 kapena Area 43 akudziwa tinyumba ta alonda ta pageti, ndi mbaula imene imalowetsedwamo usiku wa June ndi July, chitseko n'kutseka. Mlonda amene wadzuka mutu ukuwawa, ali ndi nseru, miyendo ili lende, atati akayezetse, kapepala kake kakhoza kulemba HGB 15 popanda chilembo chochenjeza. Makina awerenga hemoglobin yonse, yogwira ntchito ndi yogwidwa yomwe. Mzere woyambawu umangonena kuti katundu alipo wochuluka bwanji. Zoti akugwira ntchito kapena ayi sunena.

Ndipo ngakhale walembedwa m'magalamu, palibe sikelo imene inapima kanthu. Makina amaphwanya maselo ofiira ndi mankhwala, amadutsitsa kuwala m'madziwo, n'kuona kuti kwatchingidwa kochuluka bwanji. Kamakina ka HemoCue kobaya chala, kamene amayi oyembekezera amakadziwa ku sikelo, kamachitanso chimodzimodzi. Onsewa amayeza kufiira. Dokotala wokoka chikope n'kusuzumira m'kati mwake, kapena wotambasula chikhatho cha mwana, akugwira ntchito yomweyo ndi maso. Kufiira kwa magazi kumachokera ku heme ndi chitsulo chake. Nkhanu, zimene zimanyamula okosijeni ndi mkuwa m'malo mwa ayironi, zili ndi magazi otuwa mwabuluu.

Choncho sindiwaseka anthu amene akamva kuti magazi achepa amathamangira zakumwa zofiira. Mayi athuwa anali atayamba kale: chidede m'botolo, masamba a mapeyala owiritsa mpaka madzi atafiira, Sobo wofiira amene mnzawo wa kutchalitchi anawalangiza. Maganizo ake ndi olunjika, ndipo sasiyana kwenikweni ndi a makina: chachepa n'chofiira, bwezerani chofiira. Kungoti kufiira kwa chidede ndi utoto wa zomera umene ulibe chitsulo pakati pake, ndipo sulowa m'mafupa kukasanduka magazi. Chakumwa chimene chili ndi mlandu weniweni sichiganiziridwa n'komwe. Tiyi ali ndi tannin, amene amamanga ayironi m'matumbo kuti asayamwike, moti kapu yomwera pa chakudya ikhoza kudula ndi theka ayironi amene akanalowa m'thupi kuchokera ku nyemba ndi masamba. M'makhitchini ambiri a kumayadi, wantchito amatha tsiku ndi tiyi ndi buledi, nsima n'kukaipeza kwawo usiku.

Chilembo L chikutanthauza kutsika, H kukwera. Malire a 12.0 akugwirizana ndi a bungwe la World Health Organization, limene limaika 12 kwa mkazi wosayembekezera, 13 kwa mwamuna ndi 11 kwa woyembekezera. Kuchokera pa 8 kufika pa 10.9 ndi kuchepa kwapakatikati, ndiye mayiwa si oti n'kuwaika magazi. Chimene makina sadziwa n'chakuti Lilongwe ali pamtunda wa mamita oposa 1,000, kumene thupi limafunika hemoglobin yochulukirapo. 9.4 ya ku Area 12 ndi yoperewera pang'ono kuposa 9.4 ya ku Nsanje.

Mzere wachiwiri ndi wokhawo wopanda chilembo, ndipo kusowa kwa chilemboko n'kumene kukuyamba kufotokoza nkhani. RBC 4.5 akutanthauza maselo ofiira 4.5 miliyoni mu kadontho ka maikulolita imodzi, chiwerengero cha munthu wabwinobwino. Maselo alipo okwanira. Nanga hemoglobin yachepa bwanji? MCV ikuyankha: selo lililonse lachepa msinkhu, 68 pamene likanayenera kukhala pakati pa 80 ndi 100. MCH ikuwonjezera kuti selo lililonse lanyamula mapikogalamu 20.9 a hemoglobin m'malo mwa 27 kapena kuposerapo. Timaselo tambiri, tating'ono, totuwa. HCT ingotsimikizira zomwezo, kuti maselo onse pamodzi akudzaza magawo 30.6 okha pa magawo 100 a magazi.

Kuchepa msinkhu kumeneku kuli ndi chifukwa chake. M'kati mwa mafupa, selo lofiira likamakula limagawikana kangapo kwinaku likudzaza hemoglobin, ndipo likadzaza limaleka kugawikana. Ayironi akasowa kudzazako kumachedwa, selo limagawikana kowonjezera, n'kutuluka laling'ono. Munthu amene wataya magazi dzulo pangozi ya pamsewu maselo ake amakhala a msinkhu wabwino, ochepa chiwerengero chokha. Wosowa vitamini B12 kapena folic acid ake amakhala aakulu mopitirira, MCV kudumpha 100. HGB ya anthu atatuwa ikhoza kukhala 9.4 yofanana, koma mankhwala awo ndi osiyana.

Mzere umene umandikopa kwambiri ndi wotsiriza, RDW, umene anthu ambiri saufika n'komwe. Umayeza kusiyana kwa misinkhu ya maselo. Selo lofiira limakhala masiku pafupifupi 120, choncho m'kadontho kamodzi muli maselo opangidwa dzulo ndi ena opangidwa miyezi inayi yapitayo. Chilembo H pa 17.8 chikunena kuti maselowa sakufanana, ena ndi aakulupo, ena ndi ang'ono kwambiri. Ndiye kuti mafupa a mayiwa akhala akupanga maselo pansi pa mikhalidwe yosinthasintha, ayironi akucheperachepera. Kapepala kalembedwa tsiku limodzi koma kasunga mbiri ya miyezi inayi.

Mzerewu ndi wofunika m'Malawi muno pa chifukwa china. Timaselo tating'ono sitibwera ndi kusowa ayironi kokha. Pali chibadwa chotchedwa alpha thalassaemia, chimene thupi limapanga maunyolo a alpha operewera. Kafukufuku wa za kadyedwe wa dziko lonse wa 2015 ndi 2016, wa National Statistical Office ndi Unduna wa Zaumoyo, anapeza chibadwachi mwa ana pafupifupi anayi pa khumi aliwonse. Ambiri sadwala nacho, koma amene anatengera kwa makolo onse awiri amakhala ndi timaselo tating'ono moyo wawo wonse, tofananafanana, RDW osakwera kwenikweni. Munthu wotere akhoza kumwa mapiritsi a ayironi chaka chathunthu MCV osasuntha. Chitsulo alinacho, chopereweracho ndi puloteni. Matenda a sickle cell nawonso ali ku puloteni. Vernon Ingram anasonyeza m'zaka za 1956 ndi 1957 kuti amino acid imodzi yokha, yachisanu ndi chimodzi pa unyolo wa beta, ndiyo yasintha. Ana amene amapita ku kiliniki ya sickle cell ku Kamuzu Central amakhala ndi HGB yotsika, koma ayironi si amene akuwasowa, ndipo amene aikidwa magazi kambirimbiri amakhala naye wochuluka mpaka kuwononga chiwindi ndi mtima.

Choyezera chimene chikanadula mlandu ndi ferritin, puloteni imene imasunga ayironi m'chiwindi ndi m'mafupa, nkhokwe ya thupi. Pakapepalaka palibe, chifukwa imayezedwa padera ndi ndalama zapadera. Umboni wina unachokera kunja kwa kapepala. Ndinawafunsa mayiwo ngati amalakalaka dothi. Anaseka, n'kumasula nsonga ya chitenje, n'kundionetsa timiyala ta dothi lotuwa lija logulitsidwa m'timapepala ta pulasitiki mumsika. "Ndimadya ngati woyembekezera, chonsecho ayi." Kulakalaka dothi kapena madzi oundana ndi chizindikiro chodziwika cha kusowa ayironi, ndipo kawirikawiri kumatha ayironi akabwerera. Ndikaika pamodzi MCV, RDW ndi nsonga ya chitenje, ndikuona kuti dzanja la bolopeni lija linalondola.

Linalondolanso poyamba ndi MRDT neg, kuyeza malungo kumene kunasonyeza kuti mulibe, lisanalembe mankhwala. Kachilombo ka malungo kamakhala m'kati mwa selo lofiira n'kumadya hemoglobin. Kamafuna puloteni, koma heme yotsalayo ndi poizoni kwa iko, ndiye kamaiumba n'kukhala timibulu takuda totchedwa hemozoin. Chloroquine ankapha kachilomboka potsekereza kuumbako, mpaka pamene kanamuzolowera, Malawi n'kukhala dziko loyamba mu Africa kumusiya mu 1993. Mankhwala a LA amene tinayamba mu 2007 ali ndi artemether, amene amayamba kuluma akakhudzana ndi ayironi wa mu heme. Nkhondo yonse ya malungo ikuchitikira pa chitsulo chomwechi.

Thupi nalo limadziwa kuti tizilombo timafuna ayironi. Likagwidwa ndi matenda, chiwindi chimatulutsa hepcidin, amene amatseka njira yolowera ayironi m'matumbo ndi kutsekera amene ali kale m'nkhokwe kuti asatuluke. Munthu amatuwa chitsulo ali nacho. Kumupatsa mapiritsi nthawi imeneyo n'kosathandiza, ndipo kukhoza kuvulaza. Pa chilumba cha Pemba ku Zanzibar, kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2006 anaimitsa kupereka ayironi kwa ana atapeza kuti olandirawo ankagonekedwa m'chipatala kapena kumwalira kuposa anzawo, m'dera la malungo ambiri. Kuno kwathu, Job Calis, Kamija Phiri ndi anzawo anafufuza ana amene HGB yawo inatsika kupitirira 5 ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Chikwawa. Zotsatira zawo, zimene zinatuluka mu New England Journal of Medicine mu 2008, zinadabwitsa ambiri: kusowa ayironi sikunali kutsogolo. Kutsogolo kunali malungo, mabakiteriya m'magazi, njoka zam'mimba, HIV, ndi kusowa mavitamini A ndi B12. Kafukufuku wa 2015 ndi 2016 uja anapezanso kuti mwa amayi 100 osayembekezera, pafupifupi 21 anali ndi magazi ochepa, koma amene kuchepako kunayendera limodzi ndi kusowa ayironi sanafike theka la iwowa. Chizolowezi chathu chogula mapiritsi oonjezera magazi ku famase munthu akangotuwa, osayezetsa, n'chowombera m'mdima.

FeSO4 ndi ferrous sulphate, ayironi wa Fe2+ uja, amene matumbo amayamwa mosavuta. Nambala 200 ndi kulemera kwa mchere wonse, ndipo chitsulo chenicheni m'piritsimo ndi mamiligalamu pafupifupi 65. Matumbo amatengapo pang'ono chabe, chotsalacho chimadetsa chimbudzi bii, ndipo ena chimawapatsa nseru kapena kudzimbidwa. Mapiritsiwa ayenera kubisidwa patali, chifukwa mwana wamng'ono akameza ambiri akhoza kufa. Za chakudya kapepala sikananene kanthu. Gawo lina la ayironi wa m'chiwindi, nyama ndi nsomba monga usipa limabwera lili kale mu heme ndipo limalowa bwino. Wa mu bonongwe, chisoso, khwanya ndi nyemba amalowa movutikira, makamaka akakumana ndi phytate wa mu mgaiwa, koma vitamini C wa malambe, magwafa, mandimu kapena tomato amamutsegulira njira. Lamulo limakakamiza makampani akuluakulu ogaya kuti aziika ayironi mu ufa, kungoti ufa wa anthu ambiri a ku Kauma umachokera ku chigayo cha pafupi, osati m'sitolo ya ku City Centre.

Tsopano theka lija la funso limene silinayankhidwe. Thupi ndi louma manja pa ayironi. Sekondi iliyonse maselo ofiira oposa 2 miliyoni amafika kumapeto a moyo wawo n'kuphwanyidwa, makamaka mu kapamba ndi m'chiwindi. Puloteni imagawidwa n'kugwiritsidwanso ntchito. Chozungulira cha heme chimatayidwa, chimasanduka bilirubin, amene amapereka mtundu ku ndulu ndi chimbudzi, ndipo akachuluka ndi amene amabweretsa chikasu m'maso. Koma atomu ya chitsulo imachotsedwa n'kubwezedwa ku mafupa. Mamiligalamu 20 mpaka 25 amazungulira motero tsiku lililonse, pamene otayika kudzera m'khungu ndi m'matumbo ndi imodzi kapena awiri, ndipo chakudya chimangobwezera amenewo. Thupi lilibe njira yotulutsira ayironi mwadala. Choncho munthu wamkulu akataya theka la galamu m'magazi, pamwamba pa nkhokwe imene inayamba kutha, kudya moperewera kokha sikukwanira kufotokoza. Penapake pakudontha.

Mililita imodzi ya magazi imapita ndi theka la miligalamu ya ayironi. Msambo wabwinobwino umatenga mamililita 30 kapena 40 pamwezi, koma ukapitirira 80, monga zimachitikira ndi zotupa za m'chiberekero, palibe ndiwo imene ingathamange nawo. Mimba imodzi imafuna mamiligalamu pafupifupi 1,000, ndipo mimba zotsatizana sizipatsa nkhokwe mpata. Njoka zam'mimba zolowera kuphazi zimaluma matumbo n'kumayamwa tsiku ndi tsiku. Likodzo limatulutsa magazi mumkodzo kapena m'chimbudzi. Zilonda zam'mimba zimadontha mwakachetechete, makamaka mwa munthu amene amameza aspirin kapena ibuprofen tsiku lililonse chifukwa cha msana wa kuchapa. Mwamuna kapena mayi wosiya kusamba akapezeka ndi kapepala kotere, madokotala amafuna kuunika m'matumbo, poopa khansa. Mayiwo ponena kuti sanavulale paliponse ankanena za bala looneka. Mafunso a msambo si oti mwamuna ngati ine ndingawafunse mayi wa eni, ndiye ndinangowapempha kuti akabwerera akapemphe kuonana ndi namwino wachizimayi, akanene zonse, ndi kuti akayezetsenso chimbudzi ndi mkodzo. Ngati dokotala anafunsa mafunso amenewa, mayankho ake sanalembedwe, ndipo amene adzatsegule bukuli kutsogolo adzapeza dzina la mankhwala popanda chifukwa chake. Apa ndi pamene kapepalaka ndikukapeza koperewera.

Kwatsala 3/12, miyezi itatu mwa khumi ndi iwiri, kalembedwe ka achipatala kamene odwala ambiri samauzidwa tanthauzo lake. Munthu womwa bwino mapiritsi, ngati kudonthako kwatsekedwa, HGB yake imakwera pafupifupi galamu imodzi pa masabata awiri kapena atatu. Mphamvu zimabwerera msanga kuposa pamenepo, phuma limatha, ndipo pamenepa ndi pamene ambiri amasiyira, botolo n'kukhala pawindo, poti chimbudzi chakuda chawatopetsa ndipo akudzimva kuti achira. Koma thupi limayamba ladzaza magazi, nkhokwe pambuyo. N'chifukwa chake madokotala amalangiza kupitiriza miyezi ina itatu HGB itafika kale pabwino, kutanthauza kuti kwa munthu woyambira pa 9.4, 3/12 yoyambayi ikhoza kufuna inzake. Kuyezanso pakatha mwezi kumathandiza: nambala ikapanda kusuntha ndiye kuti mapiritsi sakumwedwa, kapena sakuyamwika, kapena magazi akutulukabe, kapena vuto silinali ayironi. Ikafika 12 chilembo L chidzachoka, MCV idzatsatira mochedwerapo pamene timaselo takale tikutha, koma nkhokwe ikhoza kukhala ikadali yopanda kanthu, ndipo mzere wa ferritin sudzaoneka pa kapepala kachiwiriko pokhapokha wina ataupempha ndi kuulipira.